Chiye Anagwada Popereka Madzi

Mayi Ivy amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja. Nkhalamba ikatsala pang'ono kutsirizika, anzawo amaitana iwo kuti akakhale pambali pa bedi, chifukwa chete wa m'zipinda zotero sawaopsa.

Ndinawadziwa kudzera mwa Chiye, mwana wa malemu mng'ono wawo, amene ankabwera naye Loweruka ku kalasi langa la Chichewa m'holo ya tchalitchi. Chiye ankamva zonse koma nkumayankha m'Chingerezi. Chimodzi chokha anachigwira bwino: popereka chinthu kwa wamkulu ankagwada, maso pansi.

"Uyu ndiye wa ku Ntcheu weniweni," ankatero Mayi Ivy. "Osati enawa, opereka kapu ngati akuponya mpira."

"Mudzamukulitsa mtima," ndinkawaseka.

"Nsanje, aphunzitsi. Anu aja amakupatsani moni ndi chibwano."

Bambo a Chiye, a Wiseman, atayamba kudwala maganizo, khonsolo inapereka mwanayo kwa banja lina kuti limusunge mongoyembekezera, nkhani nkupita ku khoti loona za mabanja. Mayi Ivy anapempha kuti amulere iwo. Khonsolo inatumiza mayi woona za ana kudzayendera pakhomo pawo, ndipo anabwera ndi Chiye. Mayi Ivy anauza mwanayo kuti apatse mlendo madzi. Chiye anagwada, maso pansi, manja onse awiri pa tambula. Mayi Ivy anamwetulira. Mlendoyo sanamwe. Analemba.

Lipoti lake linati mwanayo amachita mantha pamaso pa mayi ake aakulu, choncho si bwino kuti akakhale nawo.

Mayi Ivy anakadandaula ku khonsolo. Anawayankha kuti poti lipotilo lili m'manja mwa khoti, dandaulo liyamba laima mpaka mlandu udzathe. Koma ku khotiko iwo sanali mmodzi wa oitanidwa.

"Sanalikane, sanalivomere," anandiuza. "Aliika m'firiji ngati maliro odikira ndege."

Ankaimba foni nthawi yopuma kuntchito. Oyankha ankasinthasintha, lero mwamuna, mawa mtsikana, koma mawu anali omwewo, nkumapumira pamalo pomwepo. Tsiku lina Mayi Ivy anayamba kuwanena limodzi ndi woyankhayo, liwu ndi liwu mpaka kumapeto. Munthuyo sanadabwe. Anawafunira tsiku labwino.

Mayi Ivy ankamuonera Chiye m'chipinda cha khonsolo, chodzaza zidole zimene palibe ankaziseweretsa. Pakona pankakhala mayi wina, cholembera m'manja. Anawapempha kuti azilankhula Chingerezi kuti iye azimva. Mwanayo tsopano ankawayang'ana m'maso, tong'o, osaphethira, monga anamuphunzitsira kumene ankakhalako.

"Nkhope ndi yomweyo," anatero Mayi Ivy. "Koma zikukhala ngati akundiyang'ana ndi munthu wina."

Sukulu zitatsekera, ndinakumana nawo masana pamalo odikirira basi. Tikucheza, foni yawo inalira. Ataona nambala anakweza mawu kuti nanenso ndimve. Kwa miyezi yonseyo khonsolo inali isanawaimbirepo yokha.

Anali mtsikana wansangala. Anati ali ndi uthenga wabwino: tsopano atha kuyamba kufufuza dandaulo lija.

"Munati mpaka mlandu udzathe," anatero Mayi Ivy.

"Inde, mayi."

"Ndiye watha?"

"Kompyuta ikuonetsa choncho."

"Chiye akupita kuti?"

Mtsikanayo anapepesa. Zimenezo, anati, ndi chigamulo cha khoti. Ofesi yawo singazikambe, ndiponso singazisinthe. Koma panali funso limene amafunsa aliyense poyamba: kodi Mayi Ivy akufuna kuti dandaulo lawo liwabweretsere chiyani?

Basi inabwera, inatsegula zitseko, inatsekanso nkupita. Mayi Ivy anakhala pabenchi, foni ili pamiyendo. Ndinakhala nawo pafupi.

"Halo?" anatero mtsikana uja, mwansangala momwemo. "Mukadali pomwepo, mayi?"