Nyama ya Pakhosi

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anamwalira kumudzi kwathu, kufupi ndi Champhira. Amayi anali a ku Kasungu, ndipo poti anawalowola, ana tinali a kuchimuna. Maliro atatha, akuluakulu anayenera kugamula ngati amayi akhale nafe kapena abwerere kwawo okha.

Tsiku lometa anapha ng'ombe ya bambo yokoka ngolo, nkhalamba yoti goli linaipanga zipsera. Ankhazi, alongo awo a bambo, ndiwo ankagawa nyama. Yofewa inapita kwa ena. Amayi anawapatsa ya pakhosi penipenipo, yolimba ngati lamba.

"Muphikire asekulu, mkamwana," anatero ankhazi. Asekulu, bambo awo a bambo, anali atatsala ndi mano owerengeka, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

"Yewo," amayi anayankha atagwada.

Anaidula nthuli zing'onozing'ono, naikulunga m'masamba a papaya ofinya, n'kuisiya pamthunzi. Kenako anaiteleka mumphika wadothi, pachikuni chimodzi. Madzi ankathira pang'onopang'ono, otentha, akaona kuti aphwa. Mchere anausunga mpaka kumapeto. M'makhitchini ena anthu anadya n'kutsuka mbale, ife tidakali mu utsi, maso ali psuu. Ine mantha anali atandigwira kuti nyama ikapanda kufewa, amayi awabweza kwawo.

"Bwanji osasonkhezera, amama?"

"Ukaithamangitsa imakwinyika," anatero mosandiyang'ana. "Yakoka ngolo moyo wake wonse iyi. Isiye."

Dzuwa litapendeka ndinanyamula mbale, poti mkamwana sayandikira apongozi akudya. Asekulu anaikanikiza ndi chala, nyama n'kumasuka yokha. Anadya mpaka kupukuta msuzi.

"Ng'ombe ya mwana wanga inali yabwino chomene," anatero. Za wophika sanatchule. Koma pamsonkhano wa akuluakulu ananena mwachidule: "Mbwenu mkamwana akhale, alere ana."

Tinasangalala, amayi anangokhala pansi n'kuwongola miyendo. Kuyambira pamenepo, ng'ombe ikaphedwa pamudzi, ya pakhosi ndi ya m'miyendo inkabwera kwathu. Wodwala wovuta kusamala, amayi. Munda wamiyala, amayi. "Iwo aja amatha," anthu ankatero.

Lero ndine mayi, ndimakhala ku Boma, ndipo nyama yolimba ndimaiphika momwemo. Kale ndinkati tsiku lija ndinaphunzira kuleza mtima. Tsopano ndikudziwa kuti ukafewetsa cholimba kamodzi, anthu amaiwala kuti chinali cholimba, amangokuwonjezera china. Amayi ankadziwa zimenezi asanateleke mphika, koma anatelekabe, kuti asatisiye.