Bangwe wa Atsibweni

Mliri utafika, kampani inatitsekera ku Sonapur, msasa wa antchito obwera kuno kutsidya la nyanja, ngati nkhuku m'khola. Hotelo imene ndinkalondera inatseka, basi yotitengera kuntchito inangoima panja n'kumadzaza fumbi. M'chipinda tinali thithithi, aliyense maso pa foni yake.

Ine chimene chinkandisunga ndi nyimbo za atsibweni. Anali okalamba, oimba bangwe, kathabwa ka waya kolowetsa m'chitini cha palafini kuti kazimveka. Ankaimba pa mowa ndi pamsika kwathu ku Ntcheu, nyimbo zodandaula zokhazokha: njala, mkazi wothawa, anzawo amene anatsalira ku migodi ya ku Joni. Mlongo wanga ankawajambula n'kunditumizira. Mnzanga wa ku Chipata, wogona bedi lam'mwamba, atamva anati kaimbidwe kameneka ndi kamene anyamata a masiku ano akutchuka nako pa wailesi. Sananame. Akutchuka nakodi, osafunsa n'komwe ngati eni ake adya.

Ndisanabwere kuno ndinali nditayamba kuphunzira. Zala zinkayenda, nyimbo ndinkazidziwa, koma kuchuna ayi. Bangwe wawo anali ndi waya mmodzi wautali wozungulira m'mabowo, ndipo pansi pa chingwe chilichonse ankaikapo kamtengo. Ukakasuntha pang'ono chabe, mawu asintha. Woimba aliyense amachuna motsata khosi lake, ndipo salemba paliponse. Ndikawafunsa pa foni ankangoseka, amvekere zimenezo saphunzira ndi khutu, ndibwere ndidzaone pamene zala zikuika. Nkhalamba youma mutu! Ndege zitaima, ndibwere pa chiyani, pa lichero?

Anayamba kutsokomola nthawi ya dzinja, posakhalitsa anatisiya. Anawaika ndi a zaumoyo ovala zoyera, popanda ngakhale kugona pasiwa. Ndinakalirira kubafa chifukwa m'chipinda munalibe polirira.

Komabe ndinatsala ndi kachiyembekezo. Timitengo tija tinali tikadali pomwe iwo anatiika. Ndinkati ndikadzapita ndidzakhudza zingwezo, ndimve, ndiloweze, basi mawu awo sanafe. Ndinauza mlongo wanga kuti pogawa katundu wa malemu, wofuna njinga atenge, wofuna makasu atenge, ine andisungire bangwe yekha.

Koma kumudzi anthu anali ndi mantha. Zofunda ndi mphasa anaziwotcha, ndipo alamu anga, amuna a mlongo wangayo, anafuna kuponya pamoto bangwe yemwe. Mlongo wanga anakana kwamtuwagalu. Anakangana mpaka anagwirizana zoti angomutsuka. Mu uthenga umene ananditumizira ankamveka kuti akumwetulira.

"Achimwene, musade nkhawa. Waya yense ndamasula, ndatsuka ndi mankhwala aja a kuchipatala. Thabwa ndakwecha ndi mchenga. Tizitsotso tinali pansi pa wayayo ndataya. Akuwala ngati watsopano."

Ndinakhala pabedi miyendo ili lende, mtima ukuwawa ngati atsibweni amwalira kachiwiri. Ndikanamukalipira bwanji? Mwana wa mayi anga, amene analimbana ndi mwamuna wake chifukwa cha ine? Ndinangoyankha kuti zikomo achemwali, mwagwira ntchito.

Anzawo a atsibweni amene akanandithandiza onse anatha, womaliza anapita ndi mliri womwewo. Thabwalo lili pamwamba pa kabati kwa mlongo wanga. Akuti amalipukuta fumbi kuti ndikadzabwera ndidzawaimbire.