Ndege ya matabwa m'galaja ya bwana

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amaseka, ena amati ndinali nditaledzera, pamene ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndiye ndineneretu kuti zimene ndikulembazi zinandichitikira ineyo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene sakufuna kukhulupirira asiye kuwerenga pompano, sindikumukakamiza. Maina sinditchula chifukwa anthu ake onse akadali moyo.

Inali nthawi ya korona, ndikugwira ntchito yoyendetsa galimoto panyumba ina ku Al Barsha, ku Dubai. Bwana wanga anali mzungu woyendetsa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, munthu amene kale tinkangomuona pobwera ndi popita, koma matenda atavuta ndege zinaima, iye n'kukhala pakhomo ngati nkhuku yofungatira mazira. Munthu wozolowera kumwamba mukamukhazika pansi mutu umamusokonekera, ndikukuuzani. Anayamba ndi kuphika buledi, kenako kumasula njinga zimene zinalibe vuto lililonse, mpaka tsiku lina anandiitanira m'galaja n'kundiuza kuti akufuna kupanga ndege yakeyake.

Ndinamufunsa ngati ndamva bwino. Anandilongosolera kuti kwawoko kuli makampani ogulitsa ndege zing'onozing'ono zili zidutswazidutswa m'mabokosi, iwe n'kumalumikiza wekha kunyumba monga timachitira ndi bedi. Chimene chinkamusowetsa mtendere kunali kusankha kuti agule iti. Zithunzi zinali mbwee patebulo. Panali ya mpando umodzi, panali ya mipando iwiri yogundizana ngati kutsogolo kwa galimoto, yokhala ndi zitseko m'mbali, ndiye panali ina yoonda, yokhala wina kutsogolo wina kumbuyo ngati pa kabaza, yotsekera pamwamba ndi chivundikiro chagalasi. Zina zinali za malata, ina akuti amaikuta ndi nsalu. Nsalu, abale anga! Atandifunsa kuti ine ndakonda iti, ndinamuyankha mosapita m'mbali kuti ngati wapukwa kumwamba adikire matenda athe abwerere kuntchito. Anangoseka, n'kunena kuti chimene amandikondera n'chimenecho.

Madamu, akazi a bwanayo, anakaniratu kuti iwo sadzapondamo, ndiye maso a bwana anagwera pa ine. Anabweretsa sikelo ya kubafa kuti ndikwerepo, kenako tepi, kundiyeza mapewa, miyendo, ndi kuchokera pokhalira kukafika pamutu. Akuti ndege yaing'ono ili ndi malire a kulemera kumene ingadzuke nako, ndipo popeza ine ndine wathupi, ikandikwana ine ndiye kuti ikwana mlendo aliyense. Zinkamveka ndithu, sindikukana.

Koma panyumbapo panalinso mayi wina wa ku Mulanje, wantchito zam'nyumba, wokonda kupemphera, ndipo anaona zonsezo ali pawindo la kukhitchini. Nditalowa kukamwa madzi anandifunsa, uku akuseka, kuti kodi achimwene, kwathu munthu wopanga ndege pakhomo timamutchula kuti ndani, nanga ndege zoterozo zimayendera mafuta anji? Anawonjeza kuti iye chibadwire munthu amene anamuona akuyezedwa mapewa ndi tepi popanda telala pafupi anali atagona kale chagada. Magazi anga sachedwa kuwira. Ndinamukalipira kuti achemwali, ine ndinafika Folomu 4, zamalichero zanuzo mukauze anzanu kumudzi, iyi ndi nkhani ya injini ndi mafuta a petulo. Iye anangoti chabwino, mudzatilembere kalata mukakafika. Ndinatuluka nditamenyetsa chitseko, koma mawu aja anatuluka nane limodzi. Nanga ndikanatani? Kukana kunali kovuta, anzathu ntchito zinali kuwathera tsiku ndi tsiku, ndege zopita kwathu kunalibe, ndipo ana anga ku Balaka ankadya za m'manja mwa mzungu yemweyo.

Mtima wa bwana unali pa yoonda ija, akuti ndiyo yothamanga, koma ankakayika ngati munthu wamkulu thupi angakhale bwino kumbuyo. Ndiye anagula matabwa opyapyala n'kukhoma chibokosi chofanana ndi mkati mwa ndegeyo, miyezo yake yomweyo, pamwamba n'kuikapo chivundikiro cha pulasitiki wolimba woonekera. Kuti chisamatseguke chokha anakhomerapo kaloko kokoka, konga kaja timaika pa chitseko cha bafa, ndipo anakaika kunja. Ndinakaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Tsiku lake linali la m'miyezi yotentha, ndipo amene anakhalako ku Dubai akudziwa kuti galaja yopanda choziziritsa masana imakhala uvuni. Anati yalla, ndiye kuti tiye m'Chiarabu, lowa tione, mphindi zochepa chabe. Ndinadzipanikiza mpaka ndinalowa, mawondo kugunda thabwa lakutsogolo, mapewa kuthina mbali zonse, iye n'kundimanga malamba amene anachotsa ku mpando wakale wa galimoto, n'kutseka chivundikiro, kaloko kaja khethe. Akundifunsa ndi manja ngati mutu ukugunda, foni yake inalira. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatembenuka, foni ili kukhutu, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kudzitseka pambuyo pake.

Poyamba ndinadikira ngati munthu waulemu. Kenako ndinaitana. Kenako ndinatukwana, m'Chichewa, m'Chingerezi, mpaka ndi timawu ta Chiarabu timene ndinatola pamsewu, koma ndani akanamva, nyumba yonse mawindo ali otseka, makina oziziritsa akulira? Foni yanga inali m'galimoto. Ndinayesa kukankha chivundikiro koma manja analibe potambasukira, chomasulira malamba chinali chitalowa pansi pa ntchafu, miyendo yoti ndimenyere inali yopindika. Thukuta linalowa m'maso, pulasitiki uja anachita nthunzi mpaka sindinkaonanso kunja, mpweya umene ndinkakoka unali womwe ndatulutsa. Apa m'pamene mafunso a mayi wa ku Mulanje anabwera onse pamodzi. Bokosi la matabwa, lopangidwa pa muyezo wanga, lotsekera kunja, limeneli kwathu timalitcha chiyani? Ndinayamba kutchula maina a ana anga mmodzimmodzi.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ineyo mpaka lero mutu umandiima. Kutentha kunatha mwadzidzidzi. Ndinamva bokosi likunyamuka, m'mimba kuti myuu ngati mmene zimakhalira mu lifiti, mphepo yozizira ikundiwomba kumaso. Nditayang'ana pansi ndinaona denga la nyumba yanga ku Balaka, malata ake ndi dzimbiri lake lomwe. Kuseri kwa nyumba, pamene pamayenera kukhala mtengo waukulu wa mango umene anadzala malemu bambo anga, panali chitsa chatsopano, choyera, ndipo pambali pake uvuni wa njerwa ukufuka utsi. Mkazi wanga anali ataima pafupi, manja ali m'chiuno. Ndinakuwa kuti ndani wadula mtengo wanga, koma iye sanayang'ane kumwamba.

Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi madzi ozizira kumaso, ndili pansi pa simenti, mayi uja akulira uku akupemphera mokweza. Akuti anabwera m'galaja kudzatenga botolo lalikulu la madzi akumwa, n'kuona chala changa chikukanda pulasitiki. Bwana anatulukira akuthamanga. Mphamvu sindikudziwa kumene ndinazitenga, koma ndinamugwira pakhosi pa malaya n'kumufunsa kuti amafuna kundipereka kwa ndani. Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anagwada pomwepo akulira ngati mwana, akuti foni ija inali ya kuntchito, amuuza kuti ntchito yamuthera, ndipo mutu unangoti balala mpaka kuiwala kuti wasiya munthu m'bokosi. Misozi inali yeniyeni, ndinaiona. Nanga munthu wofuna kukupha amalira chonchija? Kapena amalira chifukwa zalephereka? Onani mmene maganizo ankandizungulira.

Mawa lake anandipeza ndikutsuka galimoto, n'kundiuza kuti khalasi, ndiye kuti zatha m'Chiarabu, wasankha. Yoonda ija waisiya, adzagula ya mipando yogundizana, ya zitseko zotsegulira mkati, ndipo anandithokoza kuti ndamuthandiza kuganiza bwino. Kundithokoza! Ndinaponya chinkhupule m'ndowa n'kuchokapo ndisanachite china choti ndikagone nacho kupolisi.

Tsiku lomwelo ndinaimbira mkazi wanga, ndipo ndisanamupatse n'komwe moni ndinamufunsa za mtengo wa mango. Iye anangofunsa kuti wandiuza ndani. Akuti mchimwene wake anaudula sabata yomweyo kuti awotchere njerwa, ndipo onse anapangana zondibisira mpaka ndidzabwere, poopa mkwiyo wanga. Ndinaunguza mauthenga onse m'foni mwanga, zithunzi zonse, kuti mwina wina ananditumizira ine n'kuiwala. Munalibe. Mnzanga wina woyendetsa takisi ku Al Nahda anati ndi kutentha, ubongo ukapsa umaona zinthu. Ndinamufunsa kuti nanga ubongo wakupsa unadziwa bwanji za njerwa, iye n'kusintha nkhani. Mayi wa ku Mulanje sananene kuti ndinakuuzani, anangoyamba kundipempherera pa dzina m'mawa uliwonse, ndipo ine sindinamuletse.

Bwana anabwerera kwawo ndege zitayamba kuyenda, ine anandipezera ntchito kwa mnzake asananyamuke. Patapita nthawi ananditumizira chithunzi cha phiko la ndege lili m'galaja ya kwawoko, ndi mawu oti mpando wachiwiri ukundidikira. Sindinamuyankhe.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti mzungu uja sanali mfiti, anali munthu wosokonezeka amene anaiwala mnzake monga timaiwalira ketulo pamoto. Koma ndimakhulupiriranso kuti tsiku limenelo ndinafika ku Balaka, ndipo akanachedwa pang'ono mayi uja sindikanabwerako. Ziwirizi zimagwirizana bwanji, musandifunse. Inu amene muli m'nyumba za eni kunja kuno, ndikudziwa kuti kukana bwana n'kowawa ana akamadikira kumudzi, koma chinthu chilichonse chimene loko wake ali kunja musalowemo, ngakhale akuuzeni akuseka kuti ndi mphindi zochepa chabe. Muuzeni alowe yekha, inu mugwire loko.