Mpango pa Geti la Sukulu

Mwana wa mchimwene wanga anabwera kudzationa kuno kwa Kamwendo ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anabadwira ku France, komwe bambo ake anapita kukaphunzira n'kukhazikika komweko. Chichewa chake chinali chopunduka koma chomveka. Ndinkakhala naye mu shopu yanga ya nsalu, iye akupinda zitenje, ine ndikudula.

Lachitatu lina ndinamutenga kuti tikasiye nsalu za yunifolomu pa sukulu ina ya pulayimale. Tinatsika kabaza pa geti. Ndikutsitsa katundu, ndinaona mwana wayima, dzanja lili pachibwano, akumasula phini ya mpango wake. Anauvula, n'kuupinda kanayi mofulumira, n'kuuponya m'chikwama. Tsitsi lonse linali pamtunda, anyamata a kabaza akuyang'ana.

"Iwe, ukutani?"

"Si pasukulu pano, azakhali?"

Anandiyankha modekha ngati ndamufunsa nthawi. Kenako anafotokoza kuti kwawoko lamulo sililola mtsikana kulowa m'sukulu ya boma atafunda kumutu. M'mawa uliwonse amavulira pa geti, masana n'kuvalanso pa geti pomwepo. Tsiku lina anamubweza chifukwa diresi yake inali yaitali, akuti ikuoneka ya Chisilamu. Aphunzitsi awiri anaima n'kumakambirana za diresiyo, iye ali chilili pakati pawo.

Ine ndinakulira kufupi ndi mishoni ya Ludzi. Ndinkaona masisitere ochokera ku Ulaya konko akuyenda m'midzi atafunda kumutu, nsalu mpaka m'mapewa. Bambo anga, Msilamu wopemphera Swala zisanu pa tsiku, ankatsika njinga kuwapatsa moni. Palibe anawauza masisiterewo kuti avule kuti tione ngati ali anzathu. Kunonso takanganapo za mipango m'masukulu, sindibisa, koma sindinaganizepo kuti dzanja la mwana lingazolowere kudzivula lokha.

Ndinamuveka mpangowo ndekha mofulumira, mpaka ndinamubaya ndi phini. Tinalowa. Aphunzitsi aakulu, mayi wa Chikatolika, anangoti, "Mlendo wathu, mwaswera bwanji?"

Titabwerera ku shopu ndinaimbira mchimwene wanga.

"Mwana mukumuvula pa msewu tsiku ndi tsiku, inu muli phee?"

"Achemwali, lamulo ndi lamulo. Amati sukulu isakhale ndi chipembedzo cha wina aliyense."

"Nanga diresi ili ndi chipembedzo?"

Anapumira m'mwamba. Anati chisankho chikayandikira, andale amakhalira kukamba za Asilamu pa TV, ngati kuti mavuto onse a dzikolo ali pamutu pa atsikana. Iye amangoweramitsa mutu kuti ntchito isamuthere.

"Ndiye musiyeni kuno. Aphunzira konkuno."

Mwana uja anali akumva. Anaika chitenje pansi.

"Ayi, azakhali. Kwathu ndi komweko. Ndikachoka, ndiye kuti iwo anena zoona, kuti sindine wa kumeneko."

Ndinamukalipira, lero ndimachita nazo manyazi. Ndinati anthuwo akumunyoza, koma iye n'kumawaikira kumbuyo. Iye anangopitiriza kupinda.

Patatha masabata atatu ndinamuperekeza pa minibasi ya ku Lilongwe kuti akakwere ndege yobwerera kwawo. Chaka chino wamaliza sekondale, ndipo akuti akufuna kuphunzira zamalamulo. Bambo ake ndi ine sitinayambebe kulankhulana bwinobwino. Akaimba, ndimapereka foni kwa amuna anga.