Ndowa Yathu Kumapeto kwa Mzere

Ndowa ija inali yachitsulo, yopindika pakamwa. Chilimwe cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndinkaiika m'mawa pamzere wa pamjigo ku Mzimba Boma kuti itigwirire malo. Pobwera ndi amayi tinkaipeza kumapeto kwenikweni, muli fumbi ndi masamba.

Amayi anali namwino wochokera ku Dowa. Woisuntha tinkamudziwa: akazi a aphunzitsi anga, mayi wamtali wosaseka.

"Mbwenu mudikire, mama," ankatero kwa amayi, akusakaniza ndi Chitumbuka. "Kwanu ife tinadikira chomene."

Ine mtima unkandiwawa, ndinkafuna tizikatunga kumtsinje. Amayi anakana kwamtuwagalu. Ankaima padzuwa, yunifolomu itanyowa thukuta, mpaka atunge. "Madzi awa timwa, ndipo moni tipereka," ankatero, n'kuperekadi moni kwa munthu woyang'ana kumbali. Ndinkawayesa opusa. Lero ndikuona kuti liuma lotere n'losowa.

Chifukwa cha chidani cha mayi uja amayi anachimva kwa mnzawo kuchipatala. Nthawi ya chipani chimodzi, boma linalamula aphunzitsi a kumpoto kubwerera kwawo. Banja la aphunzitsi anga linali pa sukulu ina ku Dowa kwathu komweko. Linakwezedwa lole chimanga chili m'munda, anthu amene ankapemphera nawo akungoonerera. Kumanda a m'mudzimo linasiyako mwana woyamba, ndipo silinapondekonso.

Amayi analembera kalata malume ku Dowa. Yoyamba sinayankhidwe. Yachiwiri malume anayankha kuti za Atumbuka asalowetsedwemo. Yachitatu inali ya masamba anayi, ndipo sindidziwa zimene munali, koma malume anapalasa njinga tsiku lathunthu, khasu atamanga kumbuyo.

Yankho litafika, amayi anavala chitenje n'kunditenga kupita kwa aphunzitsi. Tinapeza akazi awo akusenda chinangwa pakhonde. Amayi anagwada, monga tichitira pamaliro.

"Achimwene anga apempha eni manda, alambula pamene pagona mwana wanu. Mtanda unagwa, audzutsa. Dzina likuwerengeka."

Mpeni unagwa. Mayi uja anatsetsereka pampando n'kukhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira mokweza m'Chitumbuka, akutchula dzina limene sindinalimvepo. Aphunzitsi anatuluka m'nyumba, choko chili m'manja, n'kuvula chipewa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaona mdani wathu ali m'dothi akulira, ndipo ndinakondwa kuti amayi amubwezera tsopano. Chimene chinandisokoneza pobwerera n'chakuti amayi, amene anapambana, nawonso ankalira njira yonse.