Manyumwa ndi Mlandu wa Abambo

Ndikangolowetsa chikhadabo m'khungu la nyumwa, kafungo kake kaja n'kundilasa m'mphuno, ndimapezeka ndili ku Chulu m'nyengo yachisanu ya chaka chimene mng'ono wanga Esinati anasiya kuyenda. Fungolo silibwera lokha. Limabwera ndi la fodya wouma limene linakakamira m'jekete la abambo, komanso fumbi lofiira limene mphepo ya Juni inkatiwaza m'maso popita kusukulu, miyendo itatuwa ngati tagona paphulusa.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, Esinati zinayi. Tinkakhala kwawo kwa amayi, abambo ali mkamwini. Chaka chimenecho esiteti ya fodya ya munthu wina wamkulu inakula n'kumeza dambo limene munali madimba athu. Anali masiku a chipani chimodzi, ndipo munthu sunkafunsa kuti malire asuntha bwanji, chifukwa ofunsafunsa ankakwezedwa galimoto osabwerako. Tinangoona waya wadutsa pamene amayi ankadzala mpiru ndi tomato. Ndiwo zathu zinasanduka mfutso, lero mfutso, mawa mfutso, mpaka lilime linaiwala kukoma kwa tsamba laliwisi. Abambo, posowa pogwira, anakalembedwa ntchito pa esiteti yomweyo, yosankha fodya m'shedi. Ankagona komweko, n'kumabwera kunyumba Loweruka lokha.

Mvula itangotha Esinati anadwala chikuku. Chikukucho chinapita, koma chinamusiya akukana chakudya chilichonse kupatula phala lamadzimadzi. Patapita miyezi anayamba kulira ndikamamubereka. Mawondo anatupa, m'miyendo munatuluka timadontho tofiirira, nkhama zinafufuma n'kumachucha magazi. Mwana amene ankathamangitsa nkhuku tsiku lonse anangokhala pamphasa atapinda miyendo ngati chule, ukangomukhudza n'kukuwa. M'kamwa mwake munkanunkha. Ine ndinkachita nseru, kenako n'kuchita manyazi kuti ndachitira nseru mwana wa amayi anga.

Amayi anamubereka ulendo wa kuchipatala, koma panjira anakumana ndi anyamata a malaya ofiira ofuna khadi la chipani. Khadi la amayi linali la chaka chatha. Anabwerera dzuwa lili paliwombo, mwana ali kumsana, asanaonedwe ndi aliyense.

Apa m'pamene analowererapo malume a Chikuse, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Alamu akabwera Loweruka adzatiuze bwino."

Sindinkadziwa tanthauzo lake, koma atsikana akuluakulu kuchitsime anandimasulira mosapsatira. Bambo akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzanyamula mwana wake, mwanayo amatupa, ndipo mankhwala sagwira mpaka bamboyo aulule ndi pakamwa pake. Aliyense ankadziwa kuti m'shedi muja munkagwiranso ntchito akazi. Mlanduwo unagamulidwa mwini wake asanafike n'komwe.

Abambo anali munthu wosalankhulalankhula, mtumiki kutchalitchi, amene ankayambitsa nyimbo Lamulungu ndi mawu aang'ono onjenjemera. Anawakhazika pakhonde la malume, iwo anaukana mlanduwo. Loweruka linalo anakananso. Amayi anasiya kuwaperekera madzi kubafa, chakudya ankatuma ine kuti ndikasiye pakhomo ngati cha mlendo wosafunika. Anawaletsa kugwira Esinati. Ndimakumbukira ataima chapatali, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mwana wawo akulira pamphasa. Sabata imeneyo Esinati anaguluka dzino, lokha, akumwa phala.

Kuseri kwa nyumba ya ahedi pasukulu pathu kunali mtengo wa manyumwa. Sindidziwa amene anaudzala. Unkabereka mpaka nthambi kugunda pansi, zipatso zazikulu zachikasu, koma palibe ankadya. Tinkati ndi malalanje amene anapsa mtima, chifukwa ukaluma nkhope yonse inkachita tsinya, kuwawasa kukutsogola, kuwawa kukutsatira. Ntchito yake inali imodzi basi: anyamata ankawamenya ngati mpira mpaka aphulike, ndipo bwalo lonse linkanunkha madzi ake pafumbi.

Tsiku lina amayi anaitanidwa kukayeserera magule a chipani, kumene kunalibe kukana ngakhale mwana akudwala. Ine ndinabereka Esinati, akulira choncho, kupita kumjigo wa pasukulu. Mayi Nyirenda, akazi a ahedi, ankachapa pafupi. Anali ochokera kumpoto, ndipo ankati asanakwatiwe anagwirapo ntchito m'chipatala. Anapukuta manja, anakweza mlomo wa Esinati ndi chala, n'kundifunsa zimene amadya. Nditanena kuti phala lokha, anaimba mluzu wapansipansi.

"Yayi, mama, thupi la mwana uyu likulira zipatso," anatero. "Tola manyumwa awa. Uzimufinyira m'kapu m'mawa ndi madzulo. Akakana usamumvere chisoni."

Anandipatsa kashuga m'kapepala, ine ndinadzaza manyumwa m'ndowa m'malo mwa madzi. Nditawauza amayi madzulo, anangoyankha ali chogona ndi kutopa: "Zowawasazo? Mpatse, bola zisamutsegule m'mimba." Maganizo awo anali kwina. Ndinkadula nyumwa pakati ndi mpeni wosendera mbatata, n'kufinya mpaka manja kuyabwa. Esinati ankalavula, ankandikanda, madziwo akamuwawa pazilonda ankakuwa ngati ndikumupha. Ndinkamupanikiza pakati pa miyendo yanga n'kumumwetsa, tonse tikulira.

Loweruka la sabata yomweyo abambo anafika masana. Anagwada kutsogolo kwa mphasa, osamugwira, n'kuona mpata wa dzino lija ndi magazi ouma m'mbali mwa milomo. Anadzuka osalowa n'komwe m'nyumba, analunjika kwa malume. Paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusenda nyumwa, ndipo ndinamva zonse.

"Ngati mankhwala akudikira pakamwa panga, ndavomera. Ndinalakwa."

"Ndi ndani?" anafunsa malume.

"Dzina silichiritsa mwana, alamu. Itanani sing'anga."

Amayi analira kulira kumene sindinakumvepo ngakhale pamaliro. Mawa lake sing'anga anabwera ndi mizu yake, abambo anathiramo mchere ndi dzanja lawo monga mwa mwambo, ndipo Esinati anamwetsedwa. Ine ndinapitiriza ndi kapu yanga m'mawa ndi madzulo, popeza palibe anandiuza kuti ndisiye.

Sipanathe masiku ambiri, magazi analeka. Nkhama zinaphwa, fungo lija linachoka. Anayamba kulola kuti tim'gwire miyendo, kenako anapempha mbatata yootcha. Pamene malole omaliza a mabelo a fodya ankachoka pa esiteti, Esinati anali akuyenda chogwira khoma, akutukwana nkhuku ndi mawu ake akale.

Mudzi wonse unatamanda malume. "Mwaona? Akanapitiriza kukana tikanaika maliro," anthu ankatero kuchitsime, kuchigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Kuchira kwa mwana kunakhala umboni umene palibe akanautsutsa. Akulu a mpingo anawadula abambo, ndipo nyimbo anayamba kuyambitsa munthu wina. Amayi sanawakalipire, anangosiya kuwayang'ana kumaso. M'mwezi wa Ogasiti, akamvulumvulu akuzungulira m'minda yopanda kanthu, abambo anamanga zovala zawo pakaliyala ya njinga n'kubwerera kwawo ku Kaomba. Anandiitana kuti titsanzikane, ine ndinakhala m'nyumba. Ndinkawada ndi mtima wanga wonse, chifukwa ndinali nditaona ndi maso anga zimene anamuchita Esinati.

Ndinakula ndi chidani chimenecho, ndinakwatiwa nacho, amayi tinawaika m'manda chilipobe. Tsiku lina ndili kusikelo ndi mwana wanga, namwino anatikwezera chithunzi cha mwana wa nkhama zotupa ndi miyendo yopinda. Anati matendawa amabwera thupi likasowa vitamini C kwa nthawi yaitali, ndipo amatha msanga mwana akamapatsidwa malalanje, mandimu, manyumwa kapena masamba osaumitsa. Amayi anzanga ankaomba m'manja poimba nyimbo ya kusikelo. Ine sindinaombe nawo, maganizo anali pa kapu yanga ija ya manyumwa.

Ndinakwera njinga kupita ku Kaomba. Ndinapeza abambo atakalamba, akuthirira nazale ya fodya ndi kheni yobooka. Ndinawafotokozera zonse, za mtengo uja, za Mayi Nyirenda, za kapu yanga. Madzi onse a m'kheni anathera pamapazi awo.

"Ndiye anali manyumwa?" anafunsa. Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Mwana wanga, zaka zonsezi ndakhala ndikufufuza m'mutu mwanga kuti kodi ndinalakwa liti osadziwa. Ndinanena bodza, koma mwana anachiradi."

Ndili mwana ndinkadziwa bwinobwino kuti abambo anadwalitsa Esinati ndi tchimo lawo, n'kumuchiritsa ndi kuulula kwawo. Lero ndikudziwa kuti sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangopereka chimene anauzidwa kuti ndiye mtengo wa moyo wa mwana, pamene mankhwala ake ankaphulika pamapazi a anyamata kuseri kwa sukulu. Madzi akatayika saoleka, ndipo amayi anapita osamva. Esinati ali ndi zidzukulu tsopano. Chaka chilichonse chisanu chikafika ndimamugulira manyumwa pamsika wa ku Kasungu, koma iye amakana, amati amawawa.