Mayi Anga Agona kwa Eni

Kwathu kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, adzukulu saponya khasu kumanda mfumu isanaloze pokumba. Mwambo umenewu sindinkauganizira n'komwe mpaka chaka chimene mayi anga anamwalira mudzi uli ndi mafumu awiri.

Mfumu yakale inali mlongo wawo wa mayi. Itatisiya, amayi a mbumba anakhala pansi n'kusankha mwana wa mayi anga aang'ono, monga timachitira, ndipo amene anamuthira ufa pamutu anali mayi anga poti ndiwo anali aakulu. Koma mwana wobereka wa malemuwo, msuweni wathu, anakana kwamtuwagalu. Ankati zolowa kuchikazi n'zachikale, chidindo cha bambo ake chili m'thumba mwake, wochifuna adzachitenge. Munthu woti moyo wake wonse ankagulitsa matemba ku Songani, malire a minda yathu ya mpunga osawadziwa, lero ati mfumu. Ndinkaseka nthawi imeneyo, ndimayesa n'zocheza.

Mayi anatsikira kuli chete m'nyengo yotentha, nyanja itaphwera kutali. Mchimwene wanga anakagwada kwa mfumu yosankhidwa ija, iyo n'kukaloza malo pambali pa agogo athu. Dzenje litangofika m'mawondo, msuweni uja anatulukira ndi anyamata akudoko atanyamula nkhafi ndi zikwanje. Aliyense ankadziwa chimene chinawabweretsa. Amene waloza manda anthu n'kumumvera, mudzi wonse waona kuti mfumu ndi ameneyo.

"Kwirirani dzenjelo," anatero iye. "Mukumbe pomwe ndiloze ine."

Mchimwene anavula chipewa. "Asuweni, amene agona m'nyumbamo ndi azakhali anu. Tiloleni tiwaike, zaufumuzo mukambirana mawa."

Anamuyankha ndi nkhafi ya pamutu. Izi anandiuza ndi adzukulu, ine ndinali pasiwa. Titamva phokoso tinathamanga nsalu zili m'manja, ndipo tinapeza anthu obatizidwa tchalitchi chimodzi akutemana pakati pa mitanda. Mdzukulu wina anali atagwira khutu likulendewera. Mchimwene wanga anali m'dzenje la mayi athu, dzanja lomwe anatchinjiriza nalo chikwanje litatseguka mpaka fupa, dothi likumwa magazi. Ndinatola chibuma n'kugenda msuweni wangayo pakamwa, ndipo mpaka lero sindidandaula.

Pofika masana nyumba zinali zikuyaka mbali zonse ziwiri, matumba a mpunga akuthetheka m'katimo. Apolisi atabwera anatenga onse olimbirana ufumuwo, mchimwene n'kupita naye kuchipatala. Mudzi unatsala wopanda woloza manda, ndipo adzukulu anakana kugwiranso khasu. Sindikanawanena, anali ataona okha.

Mayi anakhalabe m'nyumba, kutentha kuli kumeneko. Amayi amvano ankaimba atatseka mphuno ndi nsalu, akumandiyang'ana chamseri. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Mapeto ake abale a malemu bambo anga, kutsidya kwa mtsinje wa Likangala, anatumiza ngolo kuti tikawaike kwawo.

Mlandu unaweruzidwa, ufumu unabwerera kwa amene mayi anamuthira ufa. Mchimwene anachira, koma dzanjalo silipinda. Dzenje lija analikwirira lopanda kanthu, pamera udzu. Mayi anga sanagonepo kuchimuna chikwatiwire chawo, bambo ndiwo anabwera chikamwini. Koma tsopano ndikafuna kukalambula pamanda awo, ndimawoloka mtsinje n'kuyamba ndapempha kwa mfumu ya eni.